Kanjanji ka kuseri kwa nyumba

Masiku amene sitima zinkayendera moto wa malasha, ine ndili mtsikana wogulitsa zitumbuwa pa siteshoni ya Balaka, pamalo paja panalibe khoma loyera ngakhale limodzi, ndipo n'chifukwa chake ndikuti, Rashidi mdzukulu wanga, tula pansi chitini cha penticho. Nyumba yangayi pakani mmene mukufunira, Idi yayandikira ndipo ndathokoza kuti mwabwera kudzandikongoletsera, koma kasiteshoni kali pansi pa chisakasa ako musakakhudze. Ukuti kada? Eya, kada, ndipo anakadetsa ndine ndi manja angawa. Mariamu, muuze mchimwene wakoyo akhale pamkeka, dzuwa liyambe lapepa, ndikuuzeni kumene kanachokera kanjanji kamene mukukasekaka.

Agogo anu aamuna, malemu Che Saidi, inu munawadziwa atakalamba kale, oyenda chowerama, osalankhulalankhula. Ine ndinawadziwa ali mnyamata wakuda bii ndi mwaye, woyendera njanji. Ntchito yawo inali kuyenda wapansi m'mbali mwa njanji, sipanala yaikulu paphewa, nyundo m'manja, akugogoda zitsulo ndi kumvetsera, ndipo akapeza mabawuti akhwefuka ankamanga, akapeza madzi akumba pansi ankakwirira, kuti sitima ikamadza ipeze njira ili bwino. Lero ndimaona anthu a ntchito yomweyo akudutsa atakwera kagalimoto koyenda panjanji, atavala zonyezimira, koma nthawi imeneyo galimoto yawo inali mapazi. Ankafika pa siteshoni masana n'kugula chitumbuwa chimodzi, chimodzi chokha, chimunthu chachikulu chonchija, kenako n'kuima pomwepo kumachidya pang'onopang'ono, maso ali pa ine, mpaka ine kutopa nawo. Ndinkati munthuyu ngoumira. Mayi anga ndi amene anayamba kuzindikira kuti si zitumbuwa zimene ankadzera.

Atatsegula njanji yopita ku Nayuchi anawasamutsira kuno, ndipo tinawoloka Shire pa Liwonde ndi mitolo yathu pamutu, n'kudzamanga pano pomwe, pafupi poti sitima ikamadutsa makapu amagwedera pathandala. Ana anabadwa, anakula, bambo anu Twaibu anapita ku Jubeki kukasaka, ndipo Che Saidi anapuma pantchito n'kuyamba kulima mpunga ngati anzawo.

Matendawo anabwera mwakachetechete. Anayamba ndi kuiwala pamene aika chipewa cha kumzikiti, kenako kusokoneza mayina a ana, ndipo tsiku lina anandiyang'ana ine, mkazi amene ndinawaberekera ana onsewo, n'kundifunsa mwaulemu kuti, “Mayi, kodi kwanu n'kuti?” Ndinalira, ana inu, sindikubisirani. Kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda oiwalitsa obwera ndi ukalamba, ochiza palibe, koma ine ndinathokozabe kuti atchula dzina lake, chifukwa m'mudzi muno pakamwa pa anthu panali patayamba kale kutuluka zina. Dzina langa analiiwala, njira ya kumunda anaiiwala, koma ntchito sanaiiwale. Tikangomaliza mapemphero athu a swala ya m'mawa ankatenga ndodo yawo, kuiika paphewa ngati sipanala, ulendo wa kunjanji.

Tsono njanji ya lero si ya kale. Sitima zathu zija zinkabwera zikutsokomola, utsi uli tolo, ndipo munthu unkaimva ikadali kutali, n'kumaliza kutafuna nzimbe yako usanapatuke. Koma za lerozi, zonyamula malashazi, n'zazitali zosaoneka mchira, ndipo zimangotulukira. Tsiku lina mayi wina wa kutsidya kwa njanji, akuchokera kotunga madzi, anawapeza atagwada pakati penipeni, khutu atagunditsa pachitsulo, sitima ikulira kale pokhotera paja. Anataya ndowa, n'kuwakoka ndi malaya, onse awiri kukagwera m'minga. Mayi ameneyo mpaka lero ndikakolola mpunga, woyamba kulawa ndi iyeyo.

Bambo anu atamva anabwera, ndipo musawaweruze, anali ndi mantha ngati ine ndemwe. Anagula loko, n'kunena kuti agogo anu azikhala m'chipinda, azituluka pokhapokha pali mwamuna wowagwira. Tinayesa. Munthu amene moyo wake wonse anayenda panja anamenya chitseko mpaka zala kutuluka magazi, akuchonderera kuti tiwatsegulire, sitima igwa, anthu afa, iwo sanayendere njanji. Sankalirira njala kapena ludzu ayi, ankalirira anthu a m'sitima. Madzulo ake ndinatsegula, loko ndinamangirira kunsonga ya chitenje changa, ndipo ndinauza mwana wanga kuti andipatse nthawi kufikira tsiku lake lobwerera ku Jubeki, ndikalephera ndidzakiya ndekha. Anandifunsa kuti nditani. Ndinati sindikudziwa, ndipo sindinkadziwadi.

Nzeru inandipeza ndikuzira khonde. Ndinawaona atakhala pansi pabwalo, atagoneka mapesi awiri moyandikana, diso limodzi atatsinzina, akuwongola, kubwerera m'mbuyo, kuwongolanso. Ndinati mumtima, ngati njanji yakana kutuluka m'mutu mwa munthuyu, ndiye ibwere pakhomo. Musaseke. Inu munakula ndi zidole za m'sitolo ndi mafoni anuwo, koma ife kale chidole chinkachokera m'manja mwako, anyamata ankaumba ng'ombe zadothi ndi kupinda magalimoto a mawaya, ife atsikana tinkamanga tinyumba ta masanje, ndipo manja anga, okalamba chonchi, anakumbukira.

Ndinasalaza kuseri kuno, n'kuthira timiyala ta kumtsinje. Njanji ndinapanga ndi nsungwi zong'alula, zopingasa zake ndi timitengo ta nandolo, n'kumamanga ndi waya. Siteshoni ndinaimanga ndi tinjerwa ta dothi la pachulu toumbira m'bokosi la machesi, denga ndinafolera ndi zitini zophwanya, ndipo thanki yomwetsera sitima, iyo ukuiona apoyo, ndi chitini cha mkaka chokhala pa timiyendo ta bango. Msana unkandiwawa, maso ankachita chidima, khoma linagwa kangapo ndisanaphunzire kuyembekeza kuti liume. Koma sitima yeniyeniyo inandikanika. Ndinapita kumsika wa Liwonde kwa a Likaka, osula zidebe, munthu wa kutchalitchi amene sitinkadziwana n'komwe, ndipo nditawafotokozera anasiya ndowa imene ankakhoma, n'kundisulira mutu wa sitima ndi mabogi ake, mawilo a zitsekerero za mabotolo. Pondipatsa anakana kulandira kalikonse, anangoti nawonso bambo awo anamwalira osawazindikira ana awo. Mulungu awakumbukire a Likaka kumene ali.

Bambo anu, ataona kuti mayi awo atsimikiza, anakagula penti ngati yemwe mwabwera nayeyu, woyera ndi wobiriwira, ndipo tinapaka awiri, iwo ndi kaburashi, ine ndi nthenga ya nkhuku. Kasiteshoniko kanawala, ana inu, anthu odutsa ankachita kuima. Tinawatsogolera Che Saidi, ndipo anaima, anayang'ana, anati n'zokongola, n'kufunsa kuti wapanga ndi mwana wa ndani. M'mawa mwake anatenga ndodo yawo, n'kudutsa pambali pake osacheuka n'komwe. Ndinawathamangira n'kuwabweza ndi mawu oti tiyi wapsa, mawa lakenso chimodzimodzi, ndipo ndinkadziwa kuti tsiku lina miyendo yanga idzachedwa. Masiku oti bambo anu abwerere ku Jubeki anali atatsala ochepa, ndipo loko uja anayamba kundilemera kuchitenje.

Masana ena ndinawakhazika pano pamene wakhala iwe, Mariamu, ndipo poti ankanditenga ngati mlendo, ndinawafunsa ngati mlendo.

“Bambo, kodi apa si pa Balaka?”

Anapukusa mutu. “Iyayi, mayi. Apa sipanadutsepo sitima.”

Ndinayang'ana khoma lija, lili mbuu, ndipo ndinadziseka ndekha, ine amene ndinakhala pa siteshoni ija utsikana wanga wonse. Balaka wathu uja anali ndi mwaye kuyambira kudenga kutsikira m'makoma, m'munsi mwa khoma munali mofiira ndi matope odumpha nthawi ya mvula, pamene anthu ankatsamira podikira sitima panali podetsedwa ndi misana yawo, pansi pa thanki dzimbiri linkatsetsereka, ndipo pakati pa njanji panali pakuda ndi oyilo. Ife tinali titamanga malo amene munthu sanagwirepo ntchito, nanga iwo akanakatani pamenepo?

Tsiku lomwelo ndinapala mwaye kudenga la khitchini, ndinasungunula katondo m'chigoba, misomali yakale ndinaiviika m'madzi kuti indipatse dzimbiri, ndipo oyilo wakuda ndinakapempha kuchigayo. Burashi yanga inali kamtengo kotafuna kunsonga ngati mswachi. Mwaye ndinkapaka kuchokera pamwamba n'kupukuta ndi chala kuti usachuluke, katondo ndinkawaza m'munsi monga imachitira mvula, ndipo bambo anu anangogwira pakamwa poona penti wawo akuonongeka, koma kenako mwana wanga anagwada n'kuyamba kundigwirira chigoba. Pomalizira, pakona ya khonde la siteshoni, apo pafupi ndi mzati, ndinadonthezapo mafuta ophikira, chifukwa pamenepo ndi pamene ndinkakhala ine, ndipo dengu langa la zitumbuwa linasiyapo banga limene silinkachoka. Chimenecho ndinangodzichitira ndekha, sindinauze munthu.

M'mawa mwake anatenga ndodo monga mwa masiku onse, ine pambuyo pawo, ndipo atafika apa anaima. Anaima nthawi yaitali. Kenako anatula ndodo, anagwada, anatsinzina diso limodzi kuyang'ana nsungwi zanga zija, n'kuyamba kukalipa kuti wamanga njanji yokhota chonchi ndani, akufuna kupha anthu kodi. Ha, sindinayambe ndakondwerapo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo. Anamasula, anawongola, anamanganso, dzuwa mpaka kupendeka, ndipo sitima yeniyeni itadutsa uko anangodzutsa mutu n'kubwerera pantchito yawo. Bambo anu anapita kuseri kwa nkhokwe kukalira, ankayesa kuti sindikuwaona.

Koma mmisiri ndi mmisiri, patapita masiku anakonza zonse, njanji inawongoka, ndipo ntchito itatha ndinawaona ayambanso kuyang'ana ndodo. Ndiye ndinayamba ntchito yanga ina. Madzulo aliwonse, iwo akalowa kubafa, ine ndinkabwera kuno kudzakhwefula waya pena, kukumba timiyala pena, kapena kuthira madzi kuti dothi ligumuke, ndipo m'mawa tikatha swala ndinkawauza kuti, bambo, akuti pathanki paja pavuta. Ankanyamuka msangamsanga akudandaula za anthu osasamala. Kaya ankadziwa kuti wosasamalayo ndi ine, kaya sankadziwa, sindinawafunse. Bambo anu anabwerera ku Jubeki mtima uli pansi, ndipo loko uja ndi amene ali pakhola la mbuzi apoyo.

Alihamudulilahi, Mulungu atamandike, tinakhala choncho mvula zingapo, iwo akukonza, ine ndikugumula, ndipo kunjanji yaikulu sanapondekonso. Anthu amene ankanong'ona aja anayamba kubwera kudzaonera, ena kubweretsa zitini zawo, ndipo timitengo ta mbuyu, kapena kuti mlambe, ukutionato anatibweretsa ndi ana a mayi uja wa kutsidya. Ineyo sindinasiye kukhala mlendo kwa iwo, koma ndinali mlendo amene ankamukonda, ndipo zinandikwanira.

Chaka chawo chomaliza maondo anakana kugwada, ndiye ndinkawayalira mkeka pomwepa, iwo n'kumaloza ndi ndodo, ine n'kumakonza. Masana ena ndodo ija inayenda pang'onopang'ono, kudutsa thanki, kudutsa chitseko, n'kukaima pa banga la mafuta lija. Ndinamva akuitana dzina langa, limene ndinali nditaleka kuliyembekezera pakamwa pawo.

“Abiti Yusufu, apa mpamene mumakhala inu. Tandipatsani chimodzi.”

Ndinathamanga, nkhalamba ine, ndinapempha nthochi kwa oyandikana nawo, ndinakazinga, ndipo ndinawapatsa chimodzi, chimodzi chokha. Anachidya pang'onopang'ono, maso ali pa ine, ndipo ulendo uno sindinatope nawo. Madzulo ake ndinali mlendo kachiwiri, ndipo mwezi usanathe anatisiya, ali pamkeka pawo, chitseko chili chotsegula.

Ndiye mukamandiona ndikusesa timiyala tija m'mawa musamati agogo ayamba misala. Ndikuthokoza kumeneko. Ndipo ana inu, tsiku lina mwina ndidzakuyang'anani n'kukufunsani kuti kwanu n'kuti. Musadzakhumudwe, ndipo musadzathamangire kukhola la mbuzi. Mudzayambe mwakhala pansi n'kuyang'ana chimene manja anga akufuna kuchita, mwina mudzangondipatsa nthochi ndi ufa, ndidzakhala. Tsono dzuwa lapepa, nyamukani mukapake nyumbayo iwale, alendo a Idi adzaone kuti ndili ndi adzukulu. Koma iwe Rashidi, ngati manja akukuyabwa, yamba wakwera kukhitchini ukandipalire mwaye, mbali iyi ya siteshoni mvula yaiyeretsa kwambiri.