Masiku Atatu a pa Firiji

Malume anawaona komaliza achemwali ake ali moyo pa 10 Malichi, ataima m'khitchini, chikwama chili pamapazi, akulembera amuna awo zochita ndi ana pa masiku atatu amene akagone kuchipatala. Anamata pepalalo pa firiji, anamumenya Malume padzanja chifukwa ankaba mabisiketi a ana, n'kunena kuti, "Lachinayi ndabwera. Iwe bwerera ku koleji." Lachinayi sanabwere, ndipo Malume ku koleji sanabwerere.

M'nyumbamo sanapondemonso mpaka Disembala, pamene mwana wamkulu wa malemuwo, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, anaba foni ya bambo ake n'kumunong'oneza kuti, "Amalume, bwerani. Sukulu tinatsekera koma adadi akutipititsabe."

Anafika Lachitatu m'mawa. Anapeza ana awiriwo ali patebulo, yunifolomu yosita, zikwama kumsana, masokosi mpaka m'maondo. Alamu ake, omwe amagwira ntchito yopereka mankhwala, anali ataima pa firiji, chala chili papepala lija.

"Alamu, ana awa akupita kuti?"

"Kusukulu. Wadzuka bwanji, mlamu? Waonda."

"Sukulu anatsekera Lachisanu."

"Ndikudziwa. Malipoti ndinakatenga ndekha."

"Ndiye?"

"Ndiye apa analemba." Anakankhira magalasi m'mwamba. "Hafu faifi adzuke. Sikisi asambe. Seveni koloko akhale ali pageti."

"Geti lotseka?"

"Zotseka kapena zotsekula sanatchule."

Malume anaika kachikwama kake pansi pang'onopang'ono.

"Mukafika pagetipo mumatani?"

"Timaima. Alonda amatipatsa moni. Dzulo anatitulutsira benchi, munthu wabwino kwambiri."

"Kenako?"

"Hafu thwelofu ndimawatenga."

"Mumawasiya okha pamsewu?"

"Iii, ukundiyesa wamisala? Ndinapempha tchuthi kuntchito. Ndimakhala nawo pabenchipo mpaka hafu thwelofu, kenako ndimawatenga."

Wamng'ono, mnyamata wa zaka zinayi, anagwedeza mutu kuchitira umboni, dzira lili kukamwa.

"Nanga matchuthi apitawa munkatani?"

"Ankawatenga azakhali awo, ngakhale Loweruka ndi Lamulungu. Pano ali ndi khanda, akuti ndizionere ndekha. Ndiye ndikuzionera."

"Alamu, pepala ili lili ndi masiku atatu okha. Lachinayi mumatani?"

"Timayambiranso Lolemba."

"Lachisanu?"

"Lachiwiri."

"Miyezi isanu ndi inayi?"

"Sitinaphonyepo." Ananena monyadira, ngati munthu woyembekezera satifiketi.

Malume anayandikira firiji. Zilembo zinali zomwezija, zopendekera kumanja ngati zikuthamangira basi. Anayamba kuwerenga mokweza.

"Lolemba: mumuuze wamkulu asagwedeze dzino."

"Ndimamuuza."

"Dzino liti?"

Mtsikana anayasamula. Mano onse anali m'malo, atsopano, akuluakulu ngati zitseko.

"Linachoka mu Epulo," anatero alamu. "Koma ndimamuuzabe. Kawiri pa sabata."

"Lachiwiri: muwenge zikhadabo za wamng'ono." Malume anagwira dzanja la mwanayo n'kulitembenuza. "Mayo ine! Alamu, apa mukuwenga chiyani? Mwana alibe chodzikandira!"

"Ndimangodutsitsapo lumo. Iye amadziwa kuti ndadutsitsa."

"Lachitatu: wamkulu apite ndi botolo lopanda kanthu, aphunzitsi akulifuna."

"Lili m'chikwama."

"Aphunzitsi ankafuna botolo limodzi! La tsiku limenelo!"

"Anandiuzadi zimenezo mu Meyi. Mu Julayi anandilembera kalata. Mu Okutobala anandiitanira kwa ahedi."

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndinawaonetsa chithunzi cha pepalali pafoni. Pano amangolandira."

Malume anakhala pampando, n'kudzukanso nthawi yomweyo.

"Tamverani, alamu. Ana awa lero ndikupita nawo kudziwe losambira. Akasambe, akakuwe, akadye zoziziritsa kukhosi mpaka m'mimba muwawe. Ndi tchuthi ichi."

Chala chinatsika papepala, mzere ndi mzere, mpaka pansi.

"Dziwe palibe."

"Ndikudziwa kuti palibe!"

"Ndiye ukundifunsiranji?"

"Sindikufunsa, ndikukuuzani!"

"Wondiuza za ana ndi uyu." Anagogoda pa firiji. "Iwe unawasambitsapo? Ukudziwa kuti wamng'ono amaopa madzi akamalowa m'khutu?"

"Zalembedwa pamenepo?"

"Lolemba, mzere wachinayi."

"Alamu, achemwali anamwalira."

Anazinena mokweza kuposa mmene ankafunira. Supuni ya mtsikana inaima m'malere. Alamu anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya malaya, n'kuwavalanso.

"Ndikudziwa, mlamu. Amene anasaina mapepala ndine. Iwe unali panja, ukumenya khoma."

"Ndiye chotsani ichi!"

"Kuntchito kwathu dokotala akalemba kuti katatu pa tsiku, ine sindisintha chifukwa wodwala wandikwiyira. Amasintha ndi amene analemba."

"Amene analembayo kulibe!"

"Ndiye sichisintha."

Malume anatambasula dzanja n'kugwira ngodya ya pepala. Alamu anaphimba pepalalo ndi zikhatho zonse ziwiri. Malume anakoka, alamu anakanikiza, firiji inapendekeka, m'kati mabotolo akulira ngwere ngwere.

"Siyani!"

"Siya ndiwe! Ung'amba Lachiwiri!"

"Ling'ambike! Mwina mwana amere zikhadabo!"

"Ndikachotsa ili nditsala ndi chiyani? Nzeru zanga?" Alamu ankapuma mwaphuma, tsaya lili pa chitseko cha firiji. "Ine ndimadziwa mapilitsi, mlamu. Ana ankawadziwa ndi iye. Tsiku limodzi lokha ndinayesa za m'mutu mwanga, wamng'ono anapita kusukulu atavala nsapato za mlongo wake, wamkulu analira mpaka kusanza. Ndi pepalali palibe amene wagonapo ndi njala. Palibe amene wachedwapo."

"Kuchedwa kusukulu yotseka!"

"Ngakhale kumeneko."

Malume anasiya pepala. Anaona kuti pangodya pomwe anagwira pakwinyika, ndipo asanaganize n'komwe anayamba kupasalaza ndi chala. Atazindikira kuti alamu akumuyang'ana, anabweza dzanja m'thumba.

"Chabwino. Poti zonse zili apa, ine ndilipo?"

"Ulipo."

"Bodza."

"Lachitatu, pansi penipeni. Malume akabwera mumubisire mabisiketi."

Malume anawerama. Zinalipodi, timalemba ting'onoting'ono, malo atawathera.

"Ndiye mumabisa?"

"Lachitatu lililonse. Pamwamba pa kabati, kuseri kwa mapoto. Madzulo ndimawatsitsa." Anakhosomola. "Sunabwere."

"Mumabisira munthu woti kulibe?"

"Analemba kuti ukabwera. Ine ndikanadziwa bwanji Lachitatu lake? Lero ndabisa kale, usavutike kufufuza."

Malume anayang'ana kudenga nthawi yaitali, ngati kuli chinthu chofunika kukonza kumeneko. Kenako anafwenthera n'kutembenuka.

"Alamu, kuntchito kwanu kukabwera pepala latsopano, lakale limatani?"

"Latsopano limaposa lakale."

"Basi?"

"Bola likhale lolembedwa bwino, losainidwa, ndiponso la munthu woyenera."

"Ine ndi malemu tinabadwa mimba imodzi. Ndine woyenera kapena ayi?"

Alamu anaganiza, milomo ikuyenda.

"Sunamalize koleji."

"Ndiye kulemba za dziwe kumafuna digiri?"

"Sindinanene. Ndangokumbutsa."

"Iwe, ndipatse kope."

Mtsikana anali atatulutsa kale, ndi cholembera chomwe. Malume anang'amba tsamba lapakati, analitsamiritsa pa firiji pambali pa linzake, n'kuyamba kulemba akutchula mokweza.

"Lachitatu: avule yunifolomu. Kudziwe."

"Nthawi yanji?"

"Nthawi iliyonse."

"Imeneyo si nthawi."

"Teni koloko! Lachinayi: adzuke akafuna."

"Akapanda kufuna?"

"Agone! Lachisanu: ajambule, adetse nyumba, adumphe pabedi."

"Kangati?"

"Alamu!"

"Ndikufunsa kuti ndisapyoze muyezo."

"Mpaka atatopa. Loweruka: zikhadabo zisiyidwe. Botolo lisatuluke m'nyumba muno mpaka kalekale. Dzino lisatchulidwenso."

"Lembanso za khutu. Kudziwe kuli madzi."

Malume analemba za khutu. Analemba mpaka Lamulungu, anatembenuza tsamba, anapitiriza sabata yachiwiri, dzanja likuthamanga, zilembo zikupendekera kumanja. Anasaina pansi ndi mphamvu mpaka cholembera chinaboola pepala.

"Nali. Mwakhutira?"

"Deti."

"Chiyani?"

"Pepala lopanda deti sindilandira, angakhale analemba ndi mkulu wa madokotala."

Malume analanda tsambalo, analemba deti pamwamba mwachangu osayang'ana n'komwe, n'kuwabwezera.

"Inu, vulani zimenezo! Tchuthi chayamba!"

Ana sanadikire kuti abwereze. Zikwama zinagwa pansi, nsapato ina inaulukira pansi pa tebulo, botolo linagubuduzika mpaka pakhomo. Anathamangira kuchipinda akukuwa, wamng'ono atakola mutu m'malaya.

Alamu anatsala akuwerenga. Anayambira pansi kukwera m'mwamba, monga amachitira kuntchito. Atafika pamwamba anaima. Anayandikitsa pepala kumaso, analitalikitsa, anayang'ana Malume.

"Bwanjinso? Ndalakwitsa sipelo?"

"Kuntchito ili tikanalibweza."

"Alamu, musandiyambe."

"Ndililandira, poti ana avula kale." Anatenga tepi m'dirowa, analimata bwinobwino pambali pa lakale, m'mbali zonse zinayi. "Koma wandiseka m'mawa wonse, mlamu. Ine ndiye wopusa, ndimazungulira masiku atatu."

"Nanga si zoona?"

"Zoona. Atatu." Anaika chala pamwamba pa tsamba latsopanolo. "Iwe sunachoke pa tsiku limodzi."

Malume anawerama kuti aone zimene dzanja lake lalemba.

10 Malichi.