Ola Limodzi la Mayi Febby

Olemekezeka oimira Bwanamkubwa wa boma lathu la Karonga, olemekezeka mafumu amene mwatilandira m'dera lanu, a khansala, a Shehe ndi abusa amene mwatitsegulira mwambowu ndi mapemphero, Mayi Leticia Gondwe, mkulu wa malo ano, pamodzi ndi aphunzitsi anzanu, akuluakulu a makomiti a masikimu a mpunga, anzathu a wailesi, makolo, ndi inu ophunzira makumi awiri ndi anayi amene mwakhala kutsogoloku: monire mose, mwaghona, ndakupatsani moni nonse.

Pa ndondomeko ya mwambowu andilemba kuti katswiri wa mapulogalamu a pafoni wochokera ku Lilongwe. Koma inu amene munkagula shuga ndi palafini pa Boma zaka zam'mbuyomo mukundidziwa bwino. Ndine Zuhura, mwana wa a Kassimu a ku Mangochi, uja ankakhala kuseri kwa kauntala mphuno ili m'buku, kasitomala akuitana kachitatu. Ndaona amayi ena kumbuyoko akuseka. Eya, amama, ndi ine ndemwe, ndipo pepani chifukwa cha kukudikiritsani masiku amenewo.

Ndithokoze onse amene mwagwira ntchito kuti chipinda ichi chiime pano pa Mlare: amene munaumba njerwa, amene munapereka malo, amene munakwera padenga kukaika sola, ndi makolo amene mwalola ana anu kusiya zina kwa miyezi isanu ndi umodzi kuti aphunzire kupanga mapulogalamu a pafoni, amene ambiri timangowatcha maapu. Mayi Gondwe andiyendetsa mkatimo m'mawa uno. Makompyuta ndawaona, ndi abwino. Koma chimene chandisangalatsa kwambiri ndi shelefu ya kukona, pamene pali mafoni akale makumi atatu amene anthu a kuno apereka: ena osweka sikirini, ena omangidwa ndi mphira, ena a mabatani. Ophunzira inu, kompyuta idzakuuzani kuti apu yanu ikugwira. Shelefu ija ndi imene idzakuuzeni zoona.

Ndagwira ntchito imeneyi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo maapu amene ndawaona akuthandizadi anthu si ochititsa kaso ayi. Mapu amene umawatsitsa kamodzi, nkumakuonetsa njira ngakhale pamene netiweki yathawa. Apu yojambula chikalata bwinobwino, kuti munthu wa kumapiri a Kayelekera asakwere galimoto mpaka pa Boma kudzangopereka pepala limodzi. Apu ya zanyengo imene imachenjeza msodzi za mwera asanakankhe bwato. Apu yothandiza namwino kupeza mlingo wa mankhwala malinga ndi kulemera kwa mwana. Iliyonse imagwira ntchito imodzi, ndipo imaigwira pa foni yotchipa.

Choncho mukamalemba khodi yanu, malangizo aja amene apu imatsata, muzikumbukira munthu amene adzaigwire m'manja. Bandulo yake ndi yochepa, ndiye apu ikhale yopepuka. Chithunzi chilichonse chimene mwaikamo chongokometsera, iye ndi amene adzachilipire. Netiweki imabwera nkupita, ndiye apu izisunga zimene walemba pa foni pomwepo, nkudzazitumiza ikabwerera. Batire imatha pakati pa ntchito, ndiye munthu asayambirenso pachiyambi akatchaja. Adzaiwerengera padzuwa, manja ali ndi matope, ndiye zilembo ndi mabatani zikhale zazikulu. Ndipo musaiwale kuti kuno foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi bambo, mayi, mlamu ndi woyandikana nawo nyumba. Uthenga wa kuchipatala ukaonekera poyera pa sikirini, mwaulula chinsinsi cha munthu kwa mudzi wonse.

Zimenezi aphunzitsi anu adzakuuzani bwino kuposa ine. Chimene sangakuuzeni ndi chimene ndinalakwitsa ineyo, m'boma lomwe lino, zaka ziwiri zapitazo.

Sikimu ina ya mpunga, kumpoto chakufupi ndi malire a Songwe, inandipempha kuti ndiwapangire apu yogawira madzi. Alimi inu mukudziwa mmene zimakhalira m'chilimwe: madzi m'ngalande ndi ochepa, aliyense ali ndi maola ake, ndipo kutsegula geti nthawi ya mnzako ndi kuba. Lamulo la sikimuyo linali lakuti ukapezeka katatu, puloti yako imapatsidwa kwa wina. Apu yanga inali yosavuta. Nthawi yako ikakwana foni imalira, umatsegula geti, nkudina batani lolembedwa kuti "Ndatsegula". Kudinako kumakafika pa kompyuta yaikulu ku Lilongwe, imene timaitcha seva, ndipo seva imalemba nthawi. Ndinaiyesa pa mafoni asanu ndi atatu mu ofesi. Sinalakwepo ngakhale mphindi imodzi.

Mu sikimumo munali Mayi Febby Mwaipopo, amene analima puloti yawo zaka khumi ndi zinayi popanda mlandu. Nthawi yawo ya madzi inali 10 koloko m'mawa. Asanatsegule iwo, madzi ankakhala a Bambo Kenan, oyandikana nawo puloti. Tsiku lina Bambo Kenan anapeza madzi awo atatembenuzidwa 9 koloko, mbande zawo zili pouma.

"Amama, mwayamba liti kuba madzi?"

"Nabe vichi? Ndaba chiyani ine? Foni yalira, ndatsegula."

"Foni yanu yokha ndiye imalira msanga? Ili ndi njala?"

Zinachitika kachiwiri patatha milungu itatu, kenako kachitatu. Komiti inawaitana ku ofesi ya sikimu. Mayi Febby anatulutsa foni, akuluakulu anayerekeza nthawi yake ndi ya mafoni awo, ndipo inali yofanana ndendende. Atasowa pogwira, anandiimbira ine kuti ndinene zimene seva inalemba. Ndinatsegula, ndinaona: masiku atatu onsewo batani linadinidwa mphindi zochepa itangokwana 9 koloko. Ndinalemba kalata yaifupi, ya manambala okhaokha, ndipo kumapeto ndinawonjezera chiganizo chimodzi chimene palibe anandipempha: "Apu siingalize foni nthawi isanakwane." Kalatayo inawerengedwa pa msonkhano wa alimi onse. Puloti inapatsidwa kwa banja lina.

Ine ndimakhulupirira manambala, ndipo mpaka lero sindinasinthe. Manambala aja sananame. Chinalakwika ndi chakuti ndinawerenga amene anali pafupi, ndinasiya amene anafuna kuti ndidzuke pampando.

Mwezi wa Epulo chaka chino ndinabwera kudzaona bambo anga. M'sitolo munali mnzawo wakale, a Yasini, amene amakatenga zitenje ndi mapoto ku Kyela, kutsidya ku Tanzania. Ndinaona atavala wotchi yapamkono, foni yabwinobwino ili m'thumba la malaya, ndiye ndinawaseka.

"A Yasini, wotchi m'zaka zino? Foniyo ndi yokongoletsera?"

"Iwe mwana wa Kassimu, sukulu yonse ija sanakuuze? Foni ikangomva fungo la Songwe imathamanga ndi ola lathunthu. Ine inandiswalitsapo nthawi ya mapemphero isanakwane. Wotchi ilibe simu, siidziwa Tanzania."

Bambo anga anaseka, makasitomala anaseka. Ine ndinakhala pa thumba la mchere.

Kwa amene simunazolowere za kumalire, nkhani yake ndi iyi. Nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi. Mafoni ambiri amatenga nthawi kuchokera ku netiweki. Ndipo anthu ambiri a kumpotoku amakhala ndi masimu awiri m'foni imodzi, ya kuno ndi ya kutsidya, chifukwa malonda ali kutsidya, abale ali kutsidya. Mayi Febby ali ndi mwana wamkazi amene anakwatiwa ku Kyela. Akafuna kucheza naye ankayatsa simu ya kutsidya, imene imagwira bwino kunyumba kwawo, ndipo wotchi ya foni inkalumpha ola osawauza. Pofika ku ofesi ya sikimu, simu ija atazimitsa, foni inkabwerera pa nthawi ya Malawi ngati sinachite kanthu.

Nanga ine ndinalakwitsa pati? Ophunzira, apa tcherani khutu, chifukwa ndi mzere umodzi wokha wa khodi. Kulira kwa foni ndinakumangirira ku wotchi ya foniyo, koma kulemba nthawi ndinakumangirira ku wotchi ya seva. Mawotchi awiri mu apu imodzi, ndipo sindinawafunse ngati akugwirizana. Foni inkati 10 koloko, nkulira. Seva inkati 9 koloko, nkulemba. Zinthu zimene munthu angaweruzidwe nazo musazisiyire wotchi ya foni. Sungani nthawi imodzi, muuze apu yanu momveka kuti ndi nthawi ya Malawi, ndipo mawotchi akasiyana, apu ichenjeze mwini foni.

Chowawa kwambiri ndi ichi. Apu ija, potumiza uthenga uliwonse, inkatumizanso kanambala kosonyeza kuti foni ikutsata nthawi ya dziko liti. Kanambalako ndinakaikamo ndekha, ndipo sindinakayang'anepo. Tsiku lomwelo ndinatsegula laputopu pa kauntala ya bambo anga. Pa masiku onse amene Mayi Febby anathirira, kanambalako kankasonyeza Malawi, kupatula masiku atatu. Umboni wowamasula unali pa tsamba lomwelo ndi umboni umene ndinawamangira, mizere iwiri yokha chakumanja. Zinanditengera mphindi zinayi kuti ndiupeze. Iwo zawatengera zokolola zinayi.

Sindikunena izi kuti muope ntchitoyi. Aliyense wolemba khodi amalakwitsa, ndipo inunso mudzalakwitsa sabata yoyamba yomwe. Sindikuimbanso mlandu komiti, imene inachita zimene lamulo lake limanena, itafunsa munthu amene inkamuyesa wodziwa. Bambo Kenan nawo sanalakwe. Mbande zawo zinaumadi. Chimene ndikupempha ndi chakuti munthu akadzakuuzani kuti apu yanu yachita chinthu chimene inu mukuti siingachite, musadzamuyankhe muli pampando. Pitani kumene iye amaigwiritsira ntchito, pa foni yake, pa ola lake. Mawu akuti "siingatero" ndi ofunika umboni wochuluka kuposa mawu akuti "yatero".

Apu ndinaikonza tsiku limodzi. Kupita kwa Mayi Febby ndiye kunanditengera milungu itatu, chifukwa cha manyazi. Ndinawapeza akupeta mpunga wa eni, kumene amagwira ganyu tsopano. Ndinafotokoza zonse, za masimu, za seva, za kanambala kaja. Anandimvetsera mpaka kumapeto osasiya kupeta, kenako anati:

"Mwana wanga, zimene mukunenazi ine ndinazinena kalekale, kungoti ndinalibe Chizungu chake. Foni ndinaikhululukira, ilibe makutu. Inu makutu munali nawo."

Ndinafunsa chimene ndingachite. Ndinkaganiza kuti atchula za mpunga umene anataya. Iwo anati:

"Kutchalitchi anandichotsa pa udindo wosunga makiyi. Adzukulu anga kusukulu amawatcha a kwa wakuba madzi. Kalata yanu inawerengedwa pa gulu. Ndiye musandinong'oneze kuseri kwa nyumba ngati mukundifunsira. Mukanene pa gulu."

Mayi Gondwe atandiitana ku mwambo uno, ndinawauza kuti ndibwera ngati andilola kuchita zimenezi, ndipo anavomera. Kalata yatsopano, yokhala ndi umboni wonse, ndinaipereka kale ku komiti ya sikimu, ndipo andiuza kuti akhala pansi Lachiwiri likudzali, asanagawe mapuloti a chilimwe chino. Banja limene likulima puloti ija silinalakwe kanthu, choncho chigamulo si chophweka, ndipo si changa. Ine ndidzakhalapo kuti ndiyankhe funso lililonse. Koma gawo limene lili langa ndilichita pano.

Mayi Febby, muli pa mzere wachitatu apo. Musavutike kuimirira, amama; woimirira ndine.

Pamaso pa mafumu, pamaso pa a Shehe ndi abusa, pamaso pa alimi anzanu, ndi kwa onse amene akumvera pa wailesi: Mayi Febby Mwaipopo sanabe madzi. Anatsegula geti pa nthawi imene apu yanga inawauza, katatu konse. Chiganizo chimene ndinalemba m'kalata ija chinali chabodza, ndipo ndachibweza. Amene munamva kalata yoyamba, mukauze amene sanabwere. Amama, ndinakulakwirani. Pepani.

Ndagha, zikomo. Tikhale pansi, tikhale pansi. M'manjamo muwaombere iwo, osati ine.

Ophunzira inu, mawa 8 koloko, nthawi ya Malawi, mukuyamba. Ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti chipinda chophunzirira kupanga mapulogalamu a pafoni cha pano pa Mlare chatsegulidwa tsopano.

Yewo chomene. Zikomo kwambiri nonse.