Mayi Dzulo Akusiya Cholembera Chofiira

Aphunzitsi aakulu, achiwiri awo, aphunzitsi anzanga, bambo akunyumba pamodzi ndi ana, zikomo nonse. Ndine wa sayansi uja, musaope, sinditalikitsa.

Madamu amene akupuma ntchito lerowa, ana amawatcha Mayi Dzulo. Inde madamu, dzinali timalidziwa tonse! Zaka makumi atatu akhala akuima pakhomo la kalasi m'mawa uliwonse, funso lake lomwelo: "Dzulo unachita chiyani? Yankha m'Chingerezi." Ukaphonya mneni, ukanena za dzulo ngati zikuchitika lero, bwerera kumbuyo kwa mzere. Wina anabwerera kanayi, mpaka anangoti dzulo sanachite kalikonse. Iwo amvekere, "Chabwino, zomwezo uzinene m'Chingerezi."

Cholembera chawo chofiira sichinkaopa munthu. Sabata yoyamba pasukulu pano anakonza chidziwitso cha pabolodi, n'kulemba pansi kuti wolembayo abwereze. Osadziwa kuti analemba ndi aphunzitsi aakulu a nthawiyo! Ndipo bambo, ndamva kuti kalata yanu yowafunsira inabwerako ili psuu. Mukukana? Ana anu akuti ikadalipo m'sutikesi.

Tsopano ndiulule zanga. Ndinabwera pano ngati mphunzitsi wogwirizira, mayeso a Chingerezi nditalephera kawiri. Akuluakulu anandiuza kuti ndikalepheranso kachitatu, ntchito yatha. Kunyumba ndinali ndi ana awiri odalira ine ndekha. Madamu ataona lipoti lina limene ndinalemba, anandikokera m'chipinda chosungira mabuku. "Mng'ono wanga, khala pansi. Dzulo unachita chiyani?" Abale, thukuta lake! Miyezi isanu, nthawi yopuma iliyonse, anzathu akumwa tiyi, ine pa kampando ka mwana, maondo m'chibwano, iwo akundiphunzitsa Chingerezi. Wina akagogoda ankati tikusanja mabuku ong'ambika, kuti ana asadziwe n'kumandiseka.

Ndinakhoza. Nditathamanga kukawauza anangoti, "Belu lalira, pita m'kalasi." Koma misozi ndinaiona, musakane. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu sanauzepo munthu, ngakhale inu bambo mukumva lero.

Madamu, ndimakukondani, ndipo Lolemba ndidzakusowani. Pitani mukapume, mukadzuke nthawi imene mukufuna. Koma musanatuluke, tacheukani. Mtsikana wakhala kumbuyoyo ndi mwana wanga woyamba, pano ndi namwino. Wapempha tchuthi kuti adzaone munthu amene anapulumutsa ntchito ya mayi ake. Imirira, mwanangu. Nanunso nonse imirirani, tiwaombere m'manja!