A Philimon Daka ndi Phala Lofiirira

Amene tikuwagoneka lerowa ndi Bambo Philimon Daka, obadwa m'chaka cha 1941 ku Petauke. Sukulu analekeza Sitandade 4, koma ulesi sanaudziwe. Anafika kuno ku Kabwe mu 1962 n'kulembedwa ntchito pa mgodi wa mtovu. Mu 1967 anamanga banja ndi Mayi Tryness ku Kasanda, komboni yoyandikana ndi mgodiwo, ndipo Mulungu anawapatsa ana anayi.

Mgodi utatsekedwa mu 1994, a Daka anapeza ntchito yosesa pa kafakitale kofinya madzi a mabulosi. Chaka chomwecho mdzukulu wawo Namwinga, wazaka zitatu, anayamba kuwonda ndi kukana chakudya. Kuchipatala anapeza mtovu m'magazi mwake, namupatsa mankhwala, n'kulangiza kuti azidya zipatso tsiku ndi tsiku. Zipatso, m'nyumba yomwe inkagonera nsima yamchere!

Pamenepo a Daka anayamba kuwayang'ana mwanjira ina masese a mabulosi, makungu ndi njere zotsala akafinya, amene anawatuma kukataya kudzala. Anafunsa namwino, ndipo iye anawauza kuti si mankhwala ayi, koma zabwino zambiri za chipatso zimatsalira m'makungumo. Masesewo anawapempha kwa abwana, namabwera nawo pa njinga, kuwayanika, kuwasinja ndi kuthira m'phala la mwana, lomwe linkasanduka lofiirira. Anzawo a kumgodi anawatcha Ba Masese. Iwo ankavomera dzinalo atavula chipewa.

Koma analakwitsa chinthu chimodzi. Ankayanika pansi pabwalo monga timachitira kwathu ku Petauke, osadziwa kuti mtovuwo uli m'fumbi la Kasanda lomwelo. Namwino atawauza, bambo amene sanalire tsiku lotseka mgodi analira pamaso pa anthu. M'mawa mwake anamanga thandala lalitali n'kuliphimba ndi neti ya pabedi pawo. Udzudzu unawadya zaka zingapo, ndipo Mayi Daka analumidwira limodzi mosadandaula kwambiri. Namwinga anayamba kumaliza mbale yake. Lero ali mu Giredi 7.

Ku mpingo wa Reformed anali mkulu wa mpingo. Nyimbo ankaiyamba mokweza kwambiri moti enafe tinkaisiyira panjira, koma tidzawasowa.

Chifuwa chinawayamba chaka chatha. M'sabata yomaliza anakana chakudya chilichonse kupatula phala lofiirira lija, ndipo wowamwetsa anali Namwinga, monga iwo anamumwetsera kale. Anatisiya Lachiwiri, pa 14 Okutobala 2003, ali ndi zaka 62. Osambitsa thupi ataona milomo yawo yofiirira anafuna kuipukuta, koma Mayi Daka anapempha kuti aisiye, apite nayo choncho.

Asiya mkazi wawo, ana amuna awiri, Evaristo ndi Wesley, ana aakazi awiri, Charity ndi Mazuba, mlongo wawo mmodzi, ndi adzukulu asanu ndi awiri. Onse ali moyo, Namwinga ali pomwepo.

Ba Masese, mwaigwira ntchito. Mupumule mu mtendere.