Mnzanga wa kusekondale sanandizindikire

Ndiwerengereni nkhani yangayi, ndine mayi wa ku Chamama. Nditasankhidwa kukaphunzira za kadyedwe kabwino ku yunivesite, bambo anga anakana. Anati, "Fodyayu asoka ndani?"

Mapeto ake ndinakwatiwa ndi tenanti pa esiteti. Chaka chatha mwana wanga anatupa mapazi, tsitsi n'kufiira. Kuchipatala tinalandiridwa ndi mnzanga amene ndinkamuthandiza sayansi kusekondale. Iyeyo anapita kumaphunziro aja. Sanandizindikire.

"Mayi, mwana amafunika mazira ndi phala la nsinjiro. Kodi kusukulu simunapiteko?"

Ndinangoti, "Ndamva." Zonsezo ndimazidziwa, koma pa esiteti timalandira chimanga chokha.

Mwana anachira. Koma kusikelo amapita naye mlamu wanga, ine sindingathe kukaonananso ndi mnzangayo.