Mabwinja a ku Girisi amene tinakaonera ku Indianapolis

Omvera anzanga, ndikulemba kuchokera ku South Bend, kuno ku Amereka. Mwana wanga wamkazi, wobadwira konkuno, ataphunzira za mabwinja akale a ku Girisi anandiumiriza kuti tikawaone. Sankadziwa kuti mapepala anga ondilola kukhala kuno anatha kalekale, moti ndikangotuluka m'dziko muno sindidzaloledwa kubwerera.

Loweruka lina ndinamutengera pa galimoto mpaka ku Indianapolis, kupaki ina komwe anaimikako zipilala zongoyerekeza za Agiriki. Anagwira chipilala chimodzi n'kundiyang'ana.

"Amayi, izi si zenizeni," anatero m'Chichewa chake chothyokathyoka. "Bwanji ife sitipita kunja?"

Ndikanamuuza bwanji kuti ngakhale maliro a agogo ake ndinawaonera pa foni? Inu amene mumatisirira kumudziko, dziwani kuti ndende ina ndi yaikulu ngati Amereka yense.