Chikho cha Apongozi

Rufinus, msilikali wa Roma wolondera pa linga la kumpoto, analowa m'chisakasa cha Lossio, mmisiri wa mkuwa, ali chinyowere ngati Yona atangolavulidwa. M'manja munali chikho chimene anapangitsa kuti akapereke kwa mayi a Senovara, mtsikana wa Chibritoni amene ankafuna kukwatira.

"Taonani ntchito yanu!" anatero akuchimenyetsa pansi. "Ndinati mizere yowongoka, yachiroma. Inu mwazunguza tinjoka tofiira ndi tabuluu!"

"Pakamwa pake m'powongoka, bwana. Dzina lanu lili pomwepo. Kumimbaku n'kwathu."

"Kwanu kwandichititsa manyazi. Amayi aja angochiyang'ana, n'kuchiponya m'chitsime!"

Maso a Lossio anawala. "Chinamira bwino?"

"Mukuti chiyani?"

"Chinalira kuti *chubwi*, kapena chinayamba chayandama?"

"Bambo inu, ndikunena za ukwati wanga!"

"Inenso. Anthu analipo?"

"Mudzi wonse! Mpaka kuwomba m'manja, kundiseka."

"Ee, galasi la tinjokato ndinalisungunula ndi mtima wonse," anatero Lossio akupukuta kamsozi. Kenaka dzanja linaima m'malere. "Dikirani. Nanga chafika bwanji kuno?"

Rufinus anatukumula chifuwa. "Mroma sagonja. Ndinavula nsapato, n'kudumphiramo, n'kuwabwezera m'manja."

"Mayo ine!"

"Anachiponyanso. Ndinachivuulanso. Apa m'pomwe anayamba kulira, Senovara n'kundifulatira. Ndiye fufutani tinjokati msanga."

Lossio anakhala pansi pang'onopang'ono, manja kumutu.

"Bwana, kodi kwanu chinthu chokongola mumachitani nacho?"

"Timachiika poonekera, alendo aziona."

"Kuno timachipereka kwa mzimu, mwini wa madzi. Chonyansa ndiye timamwera. Amayiwo akuvomerani kawiri pamaso pa mudzi wonse, inu n'kukalanda nsembe yawo kawiri konse."

Kunja nkhosa inalira. Madzi ankadontha kuchokera m'malaya a Rufinus.

"Ndiye kuti tinjokati..."

"Anatikonda."

"Ndipo ine..."

"Mwakana mwana wawo. Mwakhama ndithu."

Rufinus anatsomphola chikho chija n'kuthamangira kukhomo. "Ndikachiponya ndekha! Akapanda kundikhululukira, ndidziponyamo ndi ine ndemwe!"

Lossio anamuyang'ana bwinobwino, kuyambira kudazi mpaka kumaondo, monga amayezera mkuwa asanaugule.

"Chikho chokha, bwana," anatero mwachifundo. "Mzimu umafuna zokongola. Inuyo akakuvuulani ndi amayiwo."